Maliro ndi a Nthambi

Bambo anamwalira Lachitatu, ine ndili pageti la nyumba ina yosanjikizana ku West Bay, kuno kudziko la Aluya, nditavala yunifomu ya ulonda. Mlongo wanga ataimba foni, ndinadziwiratu kuti kumudzi sindikafika, poti kontirakiti inali isanandilole tchuthi. Chimene ndinkafuna chinali chochepa: Lachisanu, tsiku lathu lopuma, anzanga abwere kuchipinda kwathu ku Al Khulaifat, akhale nane pansi, tiimbe nyimbo ziwiri zitatu.

Tinali ndi bungwe la Amalawi pamodzi ndi abale athu a ku Zambia. Nthambi zinalipo zitatu, koma za dzina lokha. Pagulu lathu la pafoni, wolengeza maliro anali tcheyamani yekha. Mkuluyu ankayendetsa galimoto ya bwana wina ku Al Duhail, ndipo ndikuganiza kuti mphepo yozizira ya m'galimotomo inamulowa m'mutu.

Nditamuimbira, anati, "Pepani achimwene, koma procedure ndi procedure. Tumizani proof, committee ikhale pansi kaye. Bukra, inshallah."

Bukra ndi mawa wa Aluya, ndipo tonse kuno timadziwa kuti mawa ameneyo safika. Lachisanu linadutsa. Uthenga unatuluka Lolemba, bambo atagona kale m'manda. Ndinamuda munthu ameneyo, ndipo sindinalape mpaka lero.

Amene anadzakhala nane Lachisanu lija anali mnzanga wapageti, Mmwenye wa ku Kerala. Atamva chifukwa chimene abale anga sanabwerere, anang'amba katoni n'kujambula mizere itatu. Anati kwawo kuli boma lalikulu ndi maboma a zigawo. Lalikulu limaona za asilikali, mapasipoti ndi kulankhulana ndi mayiko ena. La chigawo limaona za apolisi, zipatala ndi malo, osayamba lagwada kulikulu. Mzere wapakati ndi wa zogawana, monga maphunziro, ndipo akasemphana pamenepo mawu a lalikulu ndiwo amapambana. Amakangana ndithu, anatero, koma zonse zinalembedwa, ndipo zikavuta amapita kukhoti.

Kumudzi nkhani ya fedulo ndinkangoimva pawailesi, ndikumati ndi phokoso la andale. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndi chikwanje, ndipo ndinkadziwa mtengo woti ndidule.

Ndinayamba kuyenda m'makutu mwa anthu: m'basi ya kampani, mu metro, pochapira zovala. Za mkwiyo wanga sindinatchule, ndinkangoti tikonze malamulo a bungwe. Papepala ndinalemba kuti maliro, odwala ndi kulandira obwera kumene zikhale za nthambi. Kulikulu ndinasiyako makalata opita ku maofesi ndi chikondwerero cha ufulu, kamodzi pachaka. Mnzanga uja ataona anati ndaiwala mzere wapakati. Sindinaiwale ayi.

Pamsonkhano tcheyamani anatupa ngati finye.

"Mukufuna kugawa association! Atambala awiri salira m'khola limodzi."

Mayi wina wa ku Chipata, wogwira ntchito kuhotela, anamuyankha ali chikhalire. "Ndiye chifukwa chake tikumanga makola atatu, a chair. Yalla, tiyeni tivote."

Manja anakwera m'mwamba, ena ochita kukweza onse awiri. Mkuluyo anatsala ndi chidindo ndi mbendera, ndipo ine anandisankha kutsogolera nthambi ya Al Khulaifat.

Patapita miyezi, bambo wina wachikulire wa ku Lusaka, wokolopa m'maofesi, anataya mkazi wake kwawo. Uthenga ndinalengeza ndekha ola lomwelo. Lachisanu chipinda chinadzaza, nsapato zili mbwee m'khonde. Tcheyamani anafika atavala jekete m'kutentha konse kuja, pepala la zolankhula lili m'manja. Mwa mwambo wathu, pamaliro anthu amalankhula motsata maudindo, ndipo wamkulu ndiye amatseka. Kumanidwa mawu pamenepo n'kuvulidwa pagulu.

Anandinong'oneza: "Achimwene, program ili bwanji? Ine ndilankhula nthawi yanji?"

Ndinayankha mokweza, mwaulemu wonse. "Maliro ndi a nthambi, bwana. Olankhula akwana, khalas, basi. Malo alipo pakhomopo."

Anayang'ana uku ndi uku, koma palibe anamuthandiza. Anapinda pepala lake n'kukhala pansi pafupi ndi nsapato. Mtima wanga unayera mbee, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanavina.

Kenaka amayi anayambitsa nyimbo. Sindinafike nayo patali. Ndinalira mokweza ngati mwana, anthu mpaka kutembenuka. Bambo woferedwa uja anasendera n'kundigwira paphewa.

"Mwana wanga, kodi amayiwa munkawadziwa?"

Ndinangogwedeza mutu. Ndikanamuuza bwanji kuti pamaliro a mkazi wake ine ndinali kulira bambo anga?