Mmene Ndinamizira Chiphaliwali

Amene anapha Chiphaliwali ndine. Ndanena poyambirira penipeni chifukwa ndamva kuti mnyamata wina wa ku Chikweo akuuza anthu kuti anali nawo pa chiwembucho. Bodza limenelo. Ndinali ndekha, ndipo ndinagwiritsa ntchito chala chimodzi chokha.

Chiphaliwali anali munthu wa m'makatuni, wochita kujambula, wachifuwa ngati chitseko, nsalu yachikasu ili lendee kumsana, ndipo ankauluka. Dzina lake lachingelezi linkatipota lilime, ndiye tinangomupatsa lathu. Anafika pa Ulongwe m'katoni ya amalume, mlongo wawo wa amayi, pamene ankabwerera kuchokera ku Joni. Anabwera ndi wailesi ya kanema, makina a vidiyo, kajenereta, ndi makaseti amene ana a bwana wawo ankajambula pa kanema wa kumeneko. Mafilimu a akuluakulu anatsala pa malire, akuti munali akazi ovala zosayenera. Zidole zokha ndi zimene zinaloledwa kudutsa. Dziko lathu linalibe kanema wakewake, choncho bokosilo popanda kaseti linkangoonetsa nyerere zakuda ndi zoyera zili piringupiringu.

Amalume anamanga chisakasa cha bango kuseri kwa golosale yawo, n'kutchinga ndi masaka kuti mukhale mdima. Tsiku la msika masana ankatulutsa gawo limodzi latsopano, ndipo munkadzaza. Ana pansi, amayi kumbali, abambo pa mabenchi. Atelala a pakhonde la golosale, bambo a ndevu zoyera amene ankanena kuti zidole n'za ana, ndiwo ankayamba kulowa.

Koma zidolezo zinkayankhula Chingelezi cha m'mphuno, chothamanga. Panafunika munthu wokhala pampando pafupi ndi bokosi, ndodo m'manja, kumalozera ndi kumasulira. Tsono tamverani chilungamo cha amalume. Kwathu kuno aliyense akudziwa kuti mwana wa mwamuna ndi wa kuchikazi, magazi enieni ndi mwana wa mlongo. Amalume akadzatsamira mkono, golosale, njinga, ngakhale kapu yawo yovala ku mzikiti Lachisanu, wozisamala ndine. Kuwonjezera apo ndinali Fomu 2 ku sekondale ya mishoni ku Balaka, ndipo ndinali pa tchuthi, manja ali lende. Mpandowo anaupereka kwa mwana wawo, msuweni wanga, amene anathawa sukulu ali Sitandade 6.

Ine anandipatsa jenereta.

Ntchito yanga inali kukoka chingwe, kuthira petulo, ndi kubweza makaseti kuti ayambire poyamba. Filimu ndinkaionera kunja, diso pa mpata wa bango, utsi ukundilowa m'malaya. Ndinkamva Chiphaliwali akunena bwinobwino kuti anthu a mumzinda athawire kumapiri, kenako msuweni n'kukweza ndodo:

"Akuti iwe Mbaniro, mayi ako anakuberekera m'khola la mbuzi!"

Chisakasa chonse gwedee ndi phwete.

"Sananene zimenezo!" ndinkakuwa pa bangopo.

"Iwe wa injini, khala chete," atelala ankayankha osacheuka. "Utsi wakulowa m'mutu."

Che Mbaniro anali mdani wamkulu wa Chiphaliwali, mkulu wadazi wa manja achitsulo ngati mbaniro zowotchera nsomba. Panalinso Mai Nkhungu, amene ankasanduka nthunzi akafuna kuthawa. Iwowa ankavala buluku, chinthu chimene mkazi wa kuno akanamangidwa nacho, ndiye akangotulukira amalume ankatsokomola, msuweni n'kufulumira kunena kuti ndi siketi yaitali yang'ambika pakati pothawa. Amayi a m'chisakasa ankati, "Eee, pepani," uku akuyang'anitsitsa kasokedwe kake.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandipweteka n'chakuti anthu anayamba kumuitana msuweni kuti Chiphaliwali. Pamsika, pa mjigo, paliponse. Iye anafika pomangirira mpango wachikasu m'khosi dzuwa likuswa mtengo. Ndipo panali mtsikana wina wogulitsa zitumbuwa pakhomo la chisakasa, wa kampata pakati pa mano, amene ine ndinamulonjerapo m'Chingelezi kawiri konse iye n'kungondifunsa kuti ndikufuna zingati. Yemweyo ankasankha chitumbuwa chachikulu, chopsa bwino m'mbali, n'kuchikulunga padera.

"Ichi n'cha a Chiphaliwali. Musachikhudze."

A Chiphaliwali! Munthu amene ndinkagona naye mphasa imodzi, ndikudziwa ndi fungo la mapazi ake lomwe.

Ndiye ndinalowa mbali ya Che Mbaniro. Ndinasonkhanitsa tianyamata ta pamsika, tinang'amba nsungwi n'kuzipana ku zala, n'kumayenda tikuti khaa khaa. Tinkangoti gulu. Tsiku lina ndinayesa kulitchula chipani cha Che Mbaniro, amayi anandikoka khutu mpaka kuseri kwa nkhokwe, n'kundinong'oneza kuti chipani m'dziko muno n'chimodzi, ndipo ngati ndatopa ndi sukulu ndinene.

Poyamba ndinkachita dala, koma ndikuonera pa bango paja ndinayamba kumukonda mkuluyo zenizeni. Ndinawauza atelala pakhonde pawo.

"Taonani, Che Mbaniro sagona. Sabata iliyonse makina atsopano, opanga okha ndi manja awo. Akawaphwanyira, amayambiranso. Nanga wanuyo anakhetsapo thukuta liti? Anangobadwa, bambo ake n'kumupatsa mphamvu. Basi."

Atelala anadula ulusi ndi mano, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ukunena wa m'bokosi, kapena wa pampando?"

Ndinawauza kuti makina awo akufunika mafuta, n'kuchokapo.

Popeza wobweza makaseti ndinali ine, gawo lililonse ndinkaliona anthu asanalione. Gawo la sabata imeneyo linali lokoma koposa onse. Che Mbaniro anam'kola Chiphaliwali, n'kumutsekera m'bokosi lachitsulo, maloko mbali zonse, n'kuliponya m'nyanja. Bokosi likumira, madzi akuda, tinsomba tikuthawa. Kenako, monga mwa masiku onse, kuwala, chitsulo phwaa, munthu uja n'kutumphuka, Che Mbaniro n'kulandira chibakera chawo cha sabata ndi sabata. Ndinabweza, n'kuoneranso pomira paja. Ndinabwezanso.

Pa makinawo panali batani lofiira limene amalume anatilumbiritsa kuti tisadzalikhudze. Ine ndinkadziwa ntchito yake, mnzanga wa kusukulu anandiuza: limajambula zatsopano pamwamba pa zakale. Ndipo kuno zatsopano zake zinali nyerere zija.

Lachisanu masana amalume ndi msuweni anapita ku mzikiti. Ine ndine wa kwa bambo anga, Mkatolika, ndiye ndinatsala kuyang'anira. Ndinaliza jenereta, amayi a pafupi ndinawauza kuti ndikuyesa pulagi. Ndinayendetsa kaseti mpaka bokosi litagunda pansi pa nyanja, kathovu komaliza katakwera. Pamenepo ndinadina. Ndinakhala pampando wa msuweni, ndodo yake m'manja, kudikira kuti nyerere zidye chipulumutso chonse.

Tsiku la msika chisakasa chinadzaza mpaka ena anaima. Msuweni anali pa moto. "Taonani, am'tsekera! Akuti sindikuopa, chitsulo ichi n'chigoba cha mtedza!" Bokosi linamira. Kathovu kanakwera. Msuweni anakweza ndodo kuti alandire kuwala kuja.

Nyerere.

Anthu anadikira. Amalume anamenya bokosi pambali, anapukuta kaseti ndi malaya, anandikuwira kuti ndione jenereta. Ndinayankha mwaulemu kuti jenereta ili bwino zedi. Anabweza, n'kuyambiranso. Chiphaliwali anamira kachiwiri pamaso pa anthu onse.

"Fotokoza, mwana iwe!" anatero atelala. "Watuluka kapena sanatuluke?"

Msuweni anangoyang'anitsitsa nyerere zija. Ndodo ili m'mwamba ngati waiwala kuti ndi yake. Ha, kukoma kwake! Ndinalowa pakhomo, manja akununkha petulo, n'kuyankhula mwachifatse ngati wansembe.

"Abale, gawo limeneli ndinalionera ku Balaka. Pamenepa ndiye pothera. Wafa. Che Mbaniro apambana."

Kamwana kena kanayamba kulira, tinzake n'kulandira. Gulu langa linadzuka, nsungwi khaa khaa, likuvina. Mayi wina anavula patapata n'kuponya pa bokosi, amalume n'kuliwakha m'malere ngati goloboyi. Bambo wina wogulitsa thonje analumbira kuti anaona kalekale kuti mnyamatayo ndi wodzikuza, sangafike patali, ndipo mnzake anam'gwira pakhosi. Atelala anatuluka n'kukakhala pa makina awo osapalasa.

Ndinagona mokoma. Ndinkati mawa mpango wachikasu uvulidwa, ndipo anthu afuna munthu wodziwa zinthu, woonera za ku Balaka.

Koma anthu a pa Ulongwe simungawamvetse. M'mawa mwake ndinapeza msuweni atakhala pa mkeka pakhonde la golosale, mutu uli pansi, mpango uli pomwepo. Aliyense wodutsa ankapatuka, kugwada pang'ono, kumugwira dzanja.

"Pepani, achimwene. Zimachitika."

Ena ankaseka chamumtima, koma dzanja ankagwira ndithu. Atelala anati munthu wotithandiza chotere sangapite ngati nkhuku, pafunika sadaka, chakudya chija timaphika pokumbukira womwalira. Anayamba ngati nthabwala, koma pofika madzulo wina anali atabweretsa mpunga, wina nkhuku yeniyeni. Tianyamata tanga titamva fungo tinataya nsungwi m'ngalande n'kukakhala pamzere wa olira.

Ndipo mtsikana wa zitumbuwa uja anabwera atamanga duku. Anakhala pa mkeka womwewo, pafupi mpaka mapewa kugundana. Ananyema chitumbuwa n'kumupatsa msuweni m'manja.

"Idyani, a Chiphaliwali. Musadzipweteke ndi maganizo."

Msuweni anapumira m'mwamba ngati wamasiye weniweni. Ndiye pokweza chitumbuwacho kukamwa, anandiyang'ana. Anatsinzina diso limodzi.

Ndinapirira mpunga. Ndinapirira ntchafu ya nkhuku imene anam'patsa. Koma mtsikanayo atatenga nsonga ya chitenje chake n'kumupukuta patsaya, pomwe panalibe ngakhale msozi umodzi, china chake chinaduka m'kati mwanga. Ndinangozindikira ndaimirira pa benchi.

"Sanafe! Iyayi, sanafe! Amatuluka m'bokosimo! Ndafufuta ndine, ndi batani lofiira! Musiyeni uyo, sanaferedwe chilichonse!"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Kenako atelala anamwetulira mpaka mano onse kuoneka.

"Walahi, ali moyo?"

Azimayi analuluta. Anthu anamunyamula msuweni m'mwamba, ndi chitumbuwa chake chomwe. Ine amene anandinyamula ndi amalume, pa kolala.

Mlandu unakambidwa m'golosale, chitseko chotseka. Amayi anayesa kunditeteza, akuti achimwene, izi n'zachisuweni, asuweni amatukwanana, amalandana, palibe amakwiya. Amalume anati chisuweni akuchidziwa, koma sanamvepo chisuweni chodya kaseti yochokera ku Joni. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati mjomba, katunduyu tsiku lina adzakhala wanga, ndiye tinganene kuti ndawononga zanga zomwe. Amayi anaphimba nkhope. Ndevu za amalume zinanjenjemera, sindikudziwa ngati unali mkwiyo.

Chigamulo chinali chakuti zimene ndinafufutazo ndizibweze ndi thupi langa. Gawo limenelo likaonetsedwa, nyerere zikangoyamba, ine ndizituluka kutsogolo nditavala chipanda kumutu ngati dazi, mbaniro zenizeni m'manja, msuweni azituluka m'katoni, azindigonjetsa anthu akuona. Mpaka tchuthi chithe.

Amalume ankayesa andichititsa manyazi. Sanaganize kuti kuchokera pa jenereta kufika pamenepo ndi kukwezedwa pantchito. Ndinaima pambali penipeni pa bokosi, maso onse ali pa ine. Tsiku loyamba ndinagwa ndi chibakera chimodzi monga anandiuzira. Tsiku lachiwiri ndinagwa n'kudzukanso. Pofika sabata yachitatu ndinkafa kwa nthawi yaitali kuposa filimu yomwe, kugubuduka mpaka pa mapazi a atelala, kutukwana m'Chingelezi chomveka bwino, kutsanzika abale anga mmodzimmodzi, msuweni ali chiimire thukuta kamukamu, akundinong'oneza kuti, "Ufe msanga, galu iwe, mkono watopa." Anthu anasiya kufunsa gawo latsopano. Ankafuna lomira lija.

Mtsikana wa zitumbuwa sanasiye kukulunga chachikulu cha a Chiphaliwali. Koma tsiku lina nditagona chagada, lilime kunja, chinachake chinandigunda pamphumi. Kachitumbuwa kakang'ono, kopserera mbali imodzi.

"Che Mbaniro, idyani mufe bwino!"

Ndinadya ndili mtembo.