Kalata Imene Ndinakana Kuwalembera a Kaputeni

Inu owerenga, pali cholakwa chimene ndinachita ndi mtima wabwino, ndipo ndi chomwecho chimene chikundisowetsa mtendere mpaka lero. Sindinabe, sindinamenye munthu. Ndinangokana kugwira cholembera pamene wodwala wanga anandipempha, ndipo chifukwa cha ine bambo ndi mwana wawo anasiyana osamvana.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1990, kwathu atangovotera matipate. Ndinkakhala kunja, kudziko la azungu, mumzinda wa Woodbridge, ndipo ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Kampani yathu inanditumiza ku Rockville kwa azungu ena achikulire amene anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linali litafa, mwendo ankachita kukoka, koma mutu unali bwinobwino, ndipo ankalankhula zomveka ngakhale mwapang'onopang'ono. Anzawo ankawatchula kuti Kaputeni, nanenso ndinazolowera kuti a Kaputeni.

Tsiku loyamba ndinadabwa kupeza chidengu pabalaza, choti n'kuimamo anthu atatu. Ndinafunsa ngati inali nkhokwe yachizungu, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati moyo wawo wonse unathera m'menemo. Dengulo limamangiriridwa kunsi kwa chibaluni chodzaza gasi, munthu n'kukwera nalo kumwamba, popanda injini, popanda chiwongolero. Ukafuna kukwera umataya mchenga wa m'matumba, ukafuna kutsika umatulutsako gasi. Mphepo yam'munsi imalowera uku, yam'mwamba imalowera uko, ndiye luso lake ndi kupeza imene ikupita kumene ukufuna. Ine sindinawabisire kuti kwathu munthu wouluka pachinthu choluka timamudziwa ndi dzina lina. Kuyambira pamenepo ankandilonjera m'mawa uliwonse kuti mfiti yadzuka bwino.

Analidi munthu wosaopa. Anayamba ndi tindege ting'onoting'ono ali mnyamata, kenako mtima unagwa pa zibaluni. Anadutsa pamwamba pa mapiri a chisanu ndi zipululu, anawolokapo nyanja yamchere, masiku angapo ali m'mwamba akupuma mpweya wa m'botolo. Zala ziwiri zakuphazi madokotala anazidula chifukwa cha chisanu, ndipo ndinkaona zipsera zake powasambitsa. Ulendo wina anakatera m'munda wa kabichi kudziko losadziwa chilankhulo chake, mwini munda n'kuwathamangitsa, kenako n'kuwaphikira chakudya. Zikho ndi mamendulo zinali mbwee m'kabati, ndipo ndine ndinkazipukuta Lachisanu lililonse. Koma pa zaka ziwiri zimene ndinakhala nawo, sindinaonepo wachibale ngakhale mmodzi akugogoda pakhomo.

Chifukwa chake anandiuza okha tsiku lina ndikuwameta ndevu. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Kale akazi awo akudwala khansa, mphepo imene anaidikira kwa miyezi inafika, ndipo ananyamuka poganiza kuti sabata isanathe akhala atabwerera. Mayiwo anamwalira iwo ali m'mwamba. Mwana uja, ali mtsikana wa kukoleji, ndiye anatseka maso a mayi ake yekha, pamene bambo ake ankajambulidwa ndi atolankhani kutsidya la nyanja. Maliro atatha anasamukira kutali, kumadzulo kwa dzikolo. A Kaputeni akaimba foni, iye akangomva mawu awo ankadula.

M'mawa wina, mitengo itangoyamba kuphuka, anandiitana ndi dzina langa lenileni, osati mwanthabwala ngati masiku onse. Anati, “Ndatsala pang'ono kutera. Tenga pepala, ndikufuna ndimutsanzike mwana wanga. Kalata sangaidule ngati foni.”

Abale anga, pomwepo ndinakumbukira kwathu. Bambo anga ondibereka, ku Ntcheu, anatiitana tsiku lina ali pamphasa n'kutitsanzika mmodzimmodzi, ndipo atagona katatu anapita. Pamaliro anthu ankanena azakhali kuti n'chifukwa chiyani anawalekerera kulankhula zoterozo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti wodwala akayamba kutsanzika umamuletsa, umamulimbitsa mtima, chifukwa mawu amaitana. Ndiye ndinawayankha monga ndikanayankhira kholo langa. Ndinati, “Ayi a Kaputeni, musadziitanire imfa. Muchira inu, mudzamulembera ndi dzanja lanu.”

Patapita masiku anapemphanso, ine ndinati mawa. Mawa litafika ndinati tiyambe tachita mafizo olimbitsa thupi. Ankadziwa kuti m'chikwama changa munkakhala kawailesi ka kaseti, kamene ndinkajambulira mawu otumiza kwa ana anga kumudzi, ndiye anandipempha kuti ndingowajambula akulankhula. Ndinanama kuti mabatire atha. Tangoganizani, ine amene mwezi uliwonse ndinkadzaza kaseti mbali zonse ziwiri kuti ana anga asaiwale mawu a mayi awo!

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanapemphe wina. Anali munthu wodzimva, ndipo nkhaniyo inali yamanyazi. Anzanga a pakampani amene ankabwera Loweruka ndi Lamlungu ankasinthasintha, lero uyu, sabata yamawa wina. Munthu amene anamukhulupirira ndinali ine ndekha.

Ndinaifotokoza nkhaniyi kwa mnzanga wa kutchalitchi ku Bowie, nesi wa ku Zambia. Ndinkayembekezera kuti andiyamikira, koma anandidzudzula pamaso. Anati, “Sisi, uja muntu ali mu right mind yake. Akakamba ati lemba, you write. Kansi ndiwe Mulungu, kuti uzagwira imfa na manja?” Ndinakwiya, ndinati mumtima anthu ena akafika kuno amataya mwambo. Ulendo wonse wobwerera ndinkadzilungamitsa ndekha m'galimoto.

Iwo sanaleke kuyesa. Ndikamawadzoza mafuta ankayamba okha, ngati akulankhula ndi mwanayo. Tsiku lina anafika ponena kuti uthenga woti akazi awo afooka unawapeza pa wailesi ali m'mwamba, mpata wotera ulipo, koma sanatere. Anati zimenezi sanauzepo munthu, ndipo akufuna avomere kwa mwana wawo popanda kudziikira kumbuyo. Ine ndinawadula pakamwa ndi kapu ya tiyi, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Zimene ankafuna kunena pambuyo pake sindizidziwa, ndipo palibe adzazidziwe.

Sitiroko yachiwiri inawagwira m'mawa ndikuwamwetsa phala. Sinawaphe pomwepo, inangowalanda mawu. Achipatala anamupeza mwana uja, ndipo anabwera, mayi wamkulu kale wa imvi m'mutu. Anaima kumapazi kwa bedi atapinda manja. A Kaputeni milomo inkagwedera, khosi likulimbana, koma chinkatuluka ndi mpweya wokha. Kenako anatembenuza maso n'kuyang'ana ine. Ndaona anthu ambiri akumwalira pantchito yangayi, koma maso amenewo sadzandichoka. Anakhala masiku asanu, n'kutisiya.

Titatuluka panja, mayi uja anandifunsa ngati bambo ake anasiya kalata. Ndinati ayi, koma ankamutchula tsiku lililonse, ndipo ankamva chisoni kwambiri. Anamwetulira, n'kundigwira paphewa. Anati, “Ndinu munthu wabwino, ndikudziwa kuti mukufuna kunditonthoza. Koma bambo anga ankalemba m'buku ulendo uliwonse, mphepo iliyonse, mpaka thumba lililonse la mchenga limene anataya. Akanakhala ndi mawu kwa ine, akanapeza njira yowalembera.”

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kuulula kuti njirayo anaipeza, ndipo inali ine. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaganiza za kampani, za ntchito yanga, za ana anga kumudzi, n'kutsekanso. Anandithokoza chifukwa chowasamalira bwino, n'kukwera takisi. Patapita chaka ndinalimba mtima n'kumulembera zonse, koma kalata inabwerera, anali atasamuka.

Inu amene mumagwira ntchito ngati yangayi, ndi inu amene mukudwazika makolo anu, mundimvere. Mwambo wathu wolimbitsa mtima wodwala ndi wabwino, koma ine ndinaugwiritsa ntchito pobisa mantha anga. Kutsanzika sikupha munthu. A Kaputeni sindinawalole kutsanzika, koma anamwalirabe. Wodwala akati ali ndi mawu, siyani zonse, khalani pansi, lembani tsiku lomwelo, ngakhale misozi ikugwera papepala. Ndipo mukalakwa, ululani wolakwiridwayo akadali pamaso panu. Kwinakwake kuli mayi amene akukalamba akukhulupirira kuti bambo ake anamwalira osapepesa, chonsecho anapempha kupepesa kwa miyezi itatu, ine n'kumawapatsa tiyi.