Bokosi tidzagula, koma bambo anu atsale kunyumba

Lachisanu lapitali kuntchito kwathu kunali tsiku la thanzi. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina laling'ono pa Mponela, logula soya ndi mtedza kwa alimi. Abwana anaitanitsa mayi wina wochokera ku Lilongwe kuti adzatiphunzitse kupuma. Ndikunena kupuma mpweya kumene, komwe takhala tikuchita chibadwire popanda setifiketi.

Anatigawira matisheti obiriwira n'kutikhazika pamphasa kuseri kwa nyumba yosungiramo matumba. Mayiyo anati titsinzine. "Kokani mpweya pang'onopang'ono. Iwalani mavuto onse. Iwalani zakunyumba."

Tili chitsinzinire, tinamva mawu a munthu wamkulu: "Kalasi yanji iyi yogona dzuwa lili pamutu?"

Titaphenya, tinaona bambo wachikulire wovala jekete ndi tayi, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anali a Chimphonda, bambo ake a mnzathu Esnart wa ku akaunti. Anaphunzitsa zaka zambiri kusukulu za ku Mvera mpaka kupuma ntchito ali mphunzitsi wamkulu. Masiku ano mutu wawo sukusunga zinthu. M'mawa uliwonse amavala bwino n'kunyamuka ulendo wa kusukulu yomwe anaisiya kalekale. Tsikulo anazemba mayi woyandikana nawo nyumba amene amawayang'anira. A Jafali, eni golosale ya pafupi ndi msika, anawapeza akufuna kuwoloka msewu pakati pa maminibasi, ndiye anawagwira padzanja n'kubwera nawo kwa mwana wawo.

Mayi wa ku Lilongwe uja anafuna kuthandiza. Anawayandikira n'kukweza mawu ngati akulankhula ndi wogontha.

"Agogo, kuno si kusukulu. Mukudziwa kuti muli kuti? Lero ndi lachingati? Nanga uyu mukumudziwa?" Analoza Esnart.

A Chimphonda anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Sanamudziwe, koma anazindikira kuti afunsidwa chinthu chomwe amayenera kuchidziwa. Mphunzitsi wamkulu anali akulephera mayeso pamaso pa anthu.

Esnart anaimirira n'kuika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. "Mwaswera bwanji aphunzitsi?"

Nafenso tinaimirira mmodzimmodzi n'kupereka moni womwewo. Nkhope ya bamboyo inamasuka.

"Ndaswera bwino. Khalani pansi."

"Aphunzitsi, belu lalira," anatero Esnart. "Tiyeni ndikuperekezeni."

Anamutsatira bwinobwino. Pachipata ndinamuona akupukuta maso ndi tisheti yake.

Asanafike n'komwe pamsewu, manong'onong'o anali atayamba. Wina anati munthu wophunzira chonchija sangangosokonezeka, anakhwimira udindo ndipo zizimba zawabwerera. Wina anati aziwatsekera m'nyumba, chifukwa akadzapezeka pakhomo pa eni mbandakucha, anthu adzawamenya kuti ndi mfiti. Wachiwiriyu sananame. Ndipo mantha amenewo ndi omwe akumudya Esnart. Koma onse awiri ankalankhula akuseka, pachifuwa pawo palembedwa kuti "Timasamalana". Kenaka tinatsinzinanso n'kupitiriza kukoka mpweya.

Lolemba Esnart analowa kwa abwana. Makoma a maofesi athu ndi a mabolodi, ndiye zonse ndinazimva. Anapempha kuti azifika mochedwerako m'mawa, aziyamba wayenda ndi bambo ake mpaka mtima wopita kusukulu utawatsika, ndipo madzulo aziweruka mochedwa.

"Mayi, ife kuno chikhalidwe timachilemekeza kwambiri," anatero abwana. "Zovuta zikadzachitika, bungwe lidzagula bokosi, galimoto idzapita mpaka ku Mvera, ndipo inu mudzapuma sabata yathunthu. Koma zapakhomo zizitsala pakhomo. Tikakulolani inu, mawa aliyense abwera ndi nkhani ya agogo ake."

"Bwana, bambo anga ali moyo."

"Tithokoze Mulungu," anatero abwana. Nkhani inathera pomwepo.

Musawaseke abwana athu okha, owerenga anzanga. Pa maliro Amalawife palibe amatiposa. Kholo la mnzathu likamwalira, ofesi yonse timatseka. Timakwera lole, timaimba njira yonse, ndipo abwana amaimirira kumanda kunena kuti malemuwa anali bambo wa tonse. Nanga bambo wa tonseyo ali moyo, akusochera pamsika, amakhala wa yani? Wa Esnart yekha.

Kodi chikhalidwe chathu chimayambira pamene munthu watsirizika?

Achipatala amati kuiwala kotereku ndi matenda a ubongo. Si ufiti, si misala yochita kulodzedwa. Mnzathu akakhala ndi mwana wodwala malungo, timamuuza kuti athamange, ntchito tigwira ndife. Koma akati bambo ake samudziwanso, timayamba kufufuza kuti bamboyo anapita kwa sing'anga uti ali mnyamata. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pa mwambi. Za kholo la mnzako mwambiwo sunanene, ndiye tapezerapo pothawira.

Thandizo linachokera kwa munthu amene sanalandire tisheti. A Jafali aika mpando pakhonde la golosale yawo. "Kholo ndi kholo, mama," anamuuza Esnart. "Muziwasiya pano m'mawa, ine ndiziwaona." Tsopano a Chimphonda amakhala pamenepo ndi kapu ya tiyi, kulonjera ana opita kusukulu ndi kudzudzula osapisira malaya. A Jafali sawafunsa kuti lero ndi lachingati. Amangoti "aphunzitsi", basi.

Koma kuwaveka, kuwadyetsa ndi kuyenda nawo mpaka pagolosale kumatenga nthawi. Esnart akufikabe mochedwa, ndipo dzulo wachenjezedwa kuti ntchito njosowa, ofuna malo ake ndi ambiri. Tsiku lomwelo atilengezera kuti mayi wa ku Lilongwe abweranso mwezi wamawa kudzatiphunzitsa kuseka, poti akuti kumachepetsa nkhawa.

Abwana athu akupuma ntchito posachedwapa. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi, amagwira ntchito ku banki ina mumzinda. Sindikuwafunira zoipa. Koma tsiku lina akadzavala tayi n'kunyamuka ulendo wa ku ofesi yomwe anaisiya kalekale, mwanayo adzagogoda pachitseko cha abwana ake. Inu mukuganiza kuti adzamuyankha chiyani?