Ku Fremantle chifukwa cha chiliza cha amayi

Ndinanyamuka ku Mirrabooka, dera la mumzinda wa Perth, Loweruka m'mawa mtima ukuwira. Malume anali atanditumizira uthenga kuchokera ku Dedza: Lolemba amisiri akaphwanya chiliza chakale cha amayi, amange chimodzi chachikulu cha matailosi chophimba amayi ndi abambo pamodzi. Cha amayicho anachiumba okha abambo, dzina n'kulemba ndi msomali simenti isanaume. N'chokhota, chinang'aluka, koma ndi dzanja lawo.

Ine ndimagwira ntchito yothira konkire. Abwana anga atandimva ndikulalata za nkhaniyi, anati ndipite ku Fremantle, kukuonetsedwa zithunzi za ntchito ya katswiri wina wa mapulani a nyumba wa ku Italy, amene anamanganso manda. Sukulu ndinalekera Fomu 2, zionetsero si zanga, koma ndinapita.

M'basi yopita m'tauni ndinayamba kujambulira malume mawu pafoni. Ndili pa "inuyo mwatiyesa chiyani", mayi wina wa ku Zambia amene anakhala kutsogolo anacheuka.

"Iwe mwana, ukamba na ndani?"

"Amalume."

"Amalume? Futa iyo. Uzatuma ukadya."

Ndinafufuta, osati pomvera, koma chifukwa basi yonse inkandiyang'ana.

Ku Perth ndinakwera sitima, khadi linadya madola pafupifupi asanu. Titadutsa Cottesloe nyanja inaonekera, kenako doko ndi makontena osanjikizana. Ndinatsika dzuwa lili pamutu.

Zithunzi zinali m'nyumba yakale yamiyala, kulowa kwaulere. Ndinayang'ana ngati wa konkire. Katswiriyu sankabisa kanthu. Mizere ya matabwa othiriramo konkire ankaisiya ioneke, m'mphepete ankadula timasitepe tating'ono, mwina n'kuikamo kachitsulo kofiirira. Pokonza nyumba yakale, khoma lakale sankaligwetsa kapena kulipaka. Chatsopano ankachiimika pambali, n'kusiya kampata kolowa chala, kuti chilichonse chioneke msinkhu wake.

Ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi cha ziliza ziwiri, cha mwamuna ndi cha mkazi wake. Sizinalumikizidwe. Zinangopendekerana ngati anthu onong'onezana m'tchalitchi. Agogo ena achitaliyana a ndodo anandiuza m'Chingerezi kuti ndawatchinga. Ndinatsala pang'ono kuyankha, koma ndinasuntha.

Kumsika ndinagula nsomba ndi tchipisi, theka n'kulandidwa ndi mbalame za kunyanja. Kumudzi kutacha, ndinatumizira malume chithunzi cha ziliza chija n'kuwaimbira.

"Malume, mwadzuka bwanji?"

"Ee, lero wayamba ndi moni? Zimene watumizazi n'chiyani? Zagwa?"

"Sizinagwe. Cha amayi chisiyeni momwe chilili. Cha abambo amange pambali, cha simenti yokha, chitsamire kwa amayi. Pakati asiye mpata wa chala."

"Anthu adzati ana ali kunja koma alephera matailosi."

"Anene. Amene analemba dzina lija sadzalembanso."



"Msomali uja ndinawapatsa ndine," anatero malume. "Ndinauzula pachitseko cha khola. Chabwino, cha mlongo wanga sachikhudza. Koma zopendekazo ayi, kuno adzati mwalodzedwa. Chiima chilili."

Sindinatsutse. Ndinakwera sitima yobwerera ndikuganiza kuti katswiri wa ku Italy uja ankadziwa chimene ife othira konkire timaiwala: kuphwanya n'kwa m'mawa umodzi. Cha abambo chidzaima chowongoka, pambali pa chokhota chimene anaumba okha.