Bedi la Alamu ku Copenhagen

Ine ndili ndi matenda amodzi: sindifuna kuuzidwa. Zaka khumi ndi zinayi za unesi ku Birmingham zinandipatsa mtima woti za Ulaya palibe angandiphunzitse, ndipo aliyense wofika kumene kuchokera kumudzi ndinkamulangiza ngakhale asanandifunse.

Amene analawa kwambiri malangizo angawo ndi alamu anga, akazi a mchimwene wanga wamng'ono. Anabwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ana awiri atawasiya ku Dedza ndi bambo awo. Ankakhala kwanga ku Nechells, dera la mu Birmingham momwemo, m'kachipinda kamene kale ndinkasungiramo masutikesi. Chaka chathunthu mayi ameneyu sanaone china koma basi ya m'mawa, nyumba za nkhalamba ndi tchalitchi. Mashifiti okhaokha, mpaka mapazi kutupa.

Nanenso ndinali ndi changa chondidya. Kuwodi kwathu azungu akabwera ku holide amayamba kuonetsana zithunzi, uyu anali uku, uyu anali uko, kenaka amatembenukira kwa ine: "Nanga iwe unapita kuti?" Ine n'kumati ndinali kunyumba, ndimachapa makatani. Zinkandiwawa, ndisaname. Choncho nditangolandira pasipoti ya kuno ndinati basi, nanenso ndikajambulitse kwinakwake. Ndinapeza matikiti otsika mtengo a ku Copenhagen, likulu la Denmark, kunyamuka Lachisanu kubwera Lolemba. Ndinagula awiri.

Nditawauza alamu anakhala pansi, manja pakamwa. Atatha kusangalala anafunsa motsitsa mawu: "Koma alamu, pasipoti yangayi ndi ya ku Malawi. Akandilola?"

"Inu muli ndi viza ya kuno," ndinatero. "Uko ndi Ulaya yemweyu. Mukuopa chiyani?"

Patapita sabata anafunsanso, ati mnzawo wina kuntchito wanena kuti mwina pamafunika chikalata china. Apo ndiye ndinapsa mtima. "Mnzanuyo wabwera liti kuno? Dzana lomweli, lero azindiphunzitsa ine? Ngati simukufuna kupita mungonena." Alamu anapepesa ndipo sanafunsenso. Chimene sindinawauze n'chakuti zaka zonsezo ndinali ndisanapondeko dziko lina la ku Ulaya. Ndege zanga zonse zinali za ku Lilongwe.

Alamu anapempha masiku anayi opuma kuntchito, oyamba chifikireni. Anakwera sitima mpaka ku Hillfields, dera la mu mzinda wina woyandikana nafe, kukalukitsa tsitsi kwa mayi wina wa ku Zambia. Lamulungu kutchalitchi ine ndi pakamwa pangapa ndinalengeza za ulendowo, abusa n'kutiimika kutsogolo tonse awiri, mpingo wonse n'kutipempherera kuti tiyende bwino.

Lachisanu m'mawa tinafika pa bwalo la ndege. Mtsikana wa pa kauntala anaona pasipoti yanga n'kundibwezera. Atatenga ya alamu anayamba kutembenuza masamba, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo. Kenaka anafunsa kuti viza yolowera ku Denmark ili pati. Ndinamuuza kuti mayiyu amakhala kuno movomerezeka, amagwira ntchito, amadula msonkho. Iye anati zonsezo wamva, koma chilolezo cha kuno ndi cha kuno basi, mwini pasipoti ya ku Malawi amafunika viza ina, ndipo siipezeka tsiku limodzi.

Abale, ndinakweza mawu. Ndinaitanitsa bwana wake. Bwanayo anabwera, nanena zomwezo, mwaulemu wake wozizira uja. Ine ndili pakalapakala kufuna poyambira, ndinamva alamu akundikoka mkono wa jekete.

"Alamu, chonde, anthu akutiyang'ana."

Tinapatuka n'kukaima pafupi ndi matrole onyamulira katundu. Safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo phula ndinatafuna ine, kumeza n'kumeza alamu. Sanalire, sanandinene. Anangoyang'ana sutikesi yawo, kenaka anati: "Pitani inu, alamu. Tisaluze tonse awiri."

Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Kulakwitsa za viza aliyense angalakwitse. Koma ine ndinakulira ku Dedza, ndikudziwa bwino lomwe kuti kwathu munthu akati "idyani, ine ndakhuta" sumukhulupirira koyamba. Umakana, iye n'kukakamiza, iwe n'kukananso, mpaka chimene chili mumtima chioneke. Ine ndinakana kamodzi kokha, kwapakamwa chabe, maso ali pa wotchi. M'mutu mwanga munali azungu a kuwodi aja ndi funso lawo. Atanenanso kachiwiri kuti pitani, ndinati, "Chabwino, poti mwanena nokha."

Anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa kontena ya mandasi ndi kabotolo ka mtedza wokazinga, kamba amene anakonza dzulo lake. Anandipatsa ndi manja awiri. "Mukadye uko, mwina zakudya zawo simukazikonda." Ndinalandira. Ndinawafotokozeranso sitima yoti akwere pobwerera m'tauni, ngati kuti malangizo anga anali akadali ndi ntchito.

Copenhagen ndi mzinda wokongola, ndisaunamizire. Koma ndinauona ngati mmene umaonera chakudya ukudwala malungo. Kuhotelo mnyamata wolandira alendo anafunsa kuti mlendo wachiwiri afika nthawi yanji, ine ndinati wadwala. M'chipinda munali mabedi awiri oyalidwa bwino, matawulo awiri, makapu awiri. Chikwama changa ndinachiika pa bedi la alamu kuti lisamandiyang'ane. Sizinathandize, ndinachichotsanso.

Ndinatumiza uthenga kwa alamu wofunsa ngati afika bwino kunyumba. Anayankha kuti, "Ndafika alamu, musadandaule. Mujambule zithunzi zambiri."

Loweruka ndinatuluka kukajambula. Njinga zake za kumeneko, mayo ine! Agogo pa njinga, amayi ndi ana awiri m'bokosi kutsogolo kwa njinga, abambo a masuti pa njinga. Ine posadziwa ndinaima pakati pa njira yawo n'kumadzijambula, mabelu ngiringiri mbali zonse, mayi wina n'kundikalipira m'chinenero chawo. Tsiku lina ndikanamubwezera, koma apo ndinangoti ndalakwa, ndipo zinandikomera kuti wina wandikalipirako. Ndinakafika pa ngalande pamene pali nyumba zopakidwa chikasu, zofiira, zabuluu, zitandandana m'mbali mwa madzi. Ndinakwera boti lozungulira mzinda, lodutsa pansi pa milatho yaifupi moti woyendetsa amachenjeza kuti aliyense akhale pansi. Mphepo yake inali yolasa m'mafupa. Masana ndinagula kabuledi kakuda koika nsomba yaiwisi pamwamba, ndinaluma kamodzi n'kukasiya. Ndinabwerera kuchipinda kukadya mandasi a alamu.

Ndinawatumizira zithunzi zisanu ndi chimodzi, ine ndikumwetulira pa chilichonse. Yankho linabwera msanga: "Zikomo alamu. Koma munditumizireko zopanda inuyo."

Ha! Mtima wanga uja unabwereranso. Ndinati ohoo, ndiye kuti nkhope yanga sakufunanso kuiona? Ngati akwiya bwanji osangonena? Ndinalemba uthenga wautali wokumbutsa kuti anandiuza okha kuti ndipite. Mwamwayi ndinaufufuta. Lamulungu lonse ndinayenda ndi mkwiyo, ndikujambula nyumba, njinga, maboti, nyumba ya mfumu ndi asilikali a zipewa zazitali zaubweya, n'kumatumiza popanda mawu. Chilichonse ankayankha kuti zikomo. Nthawi zina ankafunsa: kukuzizira bwanji? Botilo munakwera anthu angati? Buledi wakudayo amakoma?

Lolemba masana ndinafika ku Nechells. Makatani onse a kutsogolo anali otseka, dzuwa lili phwee. Ndinaganiza kuti alamu apita kuntchito, koma nditatsegula chitseko ndinawapeza pabalaza. Anaimirira, nandilandira chikwama, nandifunsa ngati ndayenda bwino. Sutikesi yawo inali pakona, yosamasula.

"Bwanji mumdima muno?" ndinafunsa.

"Ndimaopa a kutchalitchi angandione," anatero. "Pali amayi ena a kwaya amene amadutsa pano popita kokwerera basi, ndipo mng'ono wawo amakhala moyandikana ndi kwathu ku Dedza."

Ndinakhala pa mpando jekete ndisanavule. Anandifotokozera pang'onopang'ono, maso ali pansi. Anali atawauza kalekale ana awo za ulendowu. Mwana wamkulu, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, anakapeza Denmark pa mapu a kusukulu, nauza kalasi yonse kuti amayi ake sakungosambitsa nkhalamba ayi, akuyenda maiko. Pobwerera ku bwalo la ndege tsiku lija alamu anagwira foni kuti awauze zoona, koma anaibwezanso m'chikwama. Ndiye anangolowa m'nyumba, natseka makatani. Masiku anayi awo opuma, oyamba m'chaka chonse, anathera m'nyumba yanga ngati mkaidi, osapita kusitolo, osapita kutchalitchi. Zithunzi zanga zopanda ine zija ankazitumiza ku Dedza.

Ndinafuna kupepesa. Ndinayamba kuti, "Alamu, ine ndinalakwa," koma ndisanapitirize foni yawo inalira. Anali a ku Dedza, pa vidiyo, ana atangoweruka kusukulu. Alamu anandiyang'ana, napukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, nayankha.

Ndinakhala pomwepo kumvetsera mayi ameneyu akusimba ulendo wanga. Anasimba za njinga, za milatho yaifupi, za mphepo yolasa m'mafupa. Za buledi wakuda anachita kukwinya nkhope, ana n'kumafa nacho chiseko. Anasimba bwino kuposa mmene ndikanasimbira ine amene ndinaliko.

Kenaka mtsikana uja anafunsa: "Koma amayi, bwanji inuyo simukuoneka pa zithunzi zonsezi?"

Alamu sanachedwe n'komwe.

"Ine ndi amene ndimajambula, mwanangu. Wojambula saoneka."

Atatero anatembenuzira foni kwa ine. "Athokozeni azakhali anu, ndi amene ananditenga."

Ana awiri aja anagwada pa simenti ya pakhonde, nayamba kuwomba m'manja mwaulemu monga timachitira kwathu. Kumbuyo kwawo kunatulukira mchimwene wanga, chipewa chili m'manja. "Achemwali," anatero, "mwatichotsa manyazi. Mkazi wangayu mukumusunga bwino, Mulungu akudalitseni."

Alamu anali atagwira foni, akudikira kuti ndiyankhe. Ndinatsegula pakamwa panga paja, podziwa zonse paja, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Musathokoze achimwene, ndi udindo wanga."