M'chipinda cha asilikali tinapezamo msilikali

Lachiwiri lapitali abwana anga anandituma kukaimira ofesi yathu pa ulendo wokaona nyumba ina yakale ku Eastleigh. Musaganize kuti ndimadziwa za nyumba. Pa bungwe la mpingo limene ndimagwirako ntchito kuno ku Nairobi, udindo wanga ndi wokonza misonkhano, kutanthauza kuonetsetsa kuti tiyi wafika nthawi yake. Koma abwana anali ndi chimfine, ndipo anamva kuti kukakhala nkhomaliro. Anati mbale ya ofesi isapite pachabe.

Ndinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, ku Ngong, n'kudzimanga lamba uja atikakamiza masiku anoyu, lamba wakuda bii wokusiyira mzere pa malaya. Ndinatsika m'tauni n'kukwera ina. Amene munafikako ku Eastleigh mukudziwa: ngolo zokoka pamanja, mabelo a zovala, nyimbo za m'matatu zogwedeza chiwindi, matope ngakhale mvula isanagwe. Pakati pa chipwirikiti chonsecho pali nyumba yamiyala yosanja, ya khonde lalitali ndi mazenera amatabwa. Akuti anaimanga mmwenye wina wamalonda kalekale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse munkagona asilikali odikira sitima, ndipo pambuyo pake inagwera m'manja mwa mpingo wina. Dzina la mpingowo sinditchula, ndili ndi ana oti ndilere.

Mpingo watopa nayo nyumbayi. Denga likudontha, ndipo mabanja amene akukhalamo ndi osauka. Tsono pali mbali ziwiri zimene zikuifuna. Wamalonda wina akufuna kuigwetsa kuti amangepo masitolo osanjikizana, ngati amene akumera ngati bowa m'dera lonselo. Kagulu ka anthu okonda zakale kakufuna kuikonza kuti ikhale nyumba yosungiramo mbiri, pansi pake pazimwedwa khofi. Ulendo wathu unakonzedwa ndi kaguluka, ndipo tinali ndi alendo akunja amene akuyembekezeka kuthandiza.

Wotitsogolera anali Mayi Wanjiru, katswiri wojambula mapulani a nyumba, munthu wofatsa amene amasisita khoma ngati akusisita mwana wodwala. Anationetsa masitepe, anationetsa zitseko zosemedwa, anatiuza kumene miyalayo inakumbidwa. Tinkawerama podutsa pansi pa matewera oyanikidwa, tinkalumpha mbaula, azimayi akusenda mbatata ankatiyang'ana kuyambira kunsapato. Palibe amene anawatchula. Maso athu anali pakhoma, anthu tinkangowalambalala ngati zithaphwi.

Kumapeto kwa khonde la m'mwamba Mayi Wanjiru anaima pa chitseko china. Anatsitsa mawu ngati tili m'tchalitchi, nati muno ndi mmene munkagona asilikali, tiyerekeze anyamata aja atakhala pa mabedi awo, akuganiza za kwawo. Mlendo wina anatsinzina kuti ayerekeze bwino. Mayi aja anakankha chitseko.

Munali msilikali.

Nkhalamba yaitali, yowonda, yopanda malaya, itakhala pa bedi lachitsulo, mapazi ali m'beseni. Inatiyang'ana mmodzimmodzi, osafulumira, kenako inatsegula pakamwa.

“Kodi kwanu munaleredwa ndi mbuzi? Odi simumudziwa?”

Abale, sanalankhule Chiswahili. Anayankhula chathu chomwechi, Chinyanja chakale cholemera, pakati pa Eastleigh. Pakamwa panga panayankha mutu usanaganize.

“Pepani, bambo. Odi.”

“Odi amanenera panja,” anatero. Ndiye anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti ndine mwana wa yani, kwathu n'kuti, ndipo bwanji ndanenepa chonchi m'dziko la eni.

Awa ndi a Kopolo Bwanali, kwawo ku Zomba. Mbiri yawo ndinaimva ndili chiimire, alendo akudikira kuti ndiwauze zimene zikuchitika. Analowa usilikali ali kamnyamata, atanamiza mzungu za zaka zawo. Nkhondo inawatengera kutsidya kwa nyanja yamchere. Pobwera anawatsitsira muno mu Nairobi kuti adikire ulendo wa kumudzi, ndipo ali kudikira anakumana ndi mtsikana wogulitsa nthochi. Anzawo anapita, iwo anatsala. Umenewo ndiye utchona. Anagwira ulonda mpaka mawondo anakana, mkazi uja anamwalira, ndipo kwa zaka zingapo ankagona m'makonde a masitolo m'tauni. Wansembe wina ndiye anawatola n'kuwapatsa chipindachi. M'chipinda choyandikana nacho mumakhala asilikali anzawo awiri a konkuno, mmodzi wa iwo maso anafa.

Musawayese mngelo. Tisanathe n'komwe kulonjerana anali atandiuza kuti ku nkhondoko anapha kambuku ndi manja. Mayi wina woyandikana nawo, amene anabwera kudzaonerera, anandinong'oneza kuti chaka chatha chilombocho chinali njoka.

Alendo anasangalala kwabasi. Anabwera kudzaona khoma, apeza mbiri yopuma. Mayi wina mwa iwo anapempha kuti awajambule, chithunzicho chidzapachikidwe nyumbayi ikadzakonzedwa. Ine ndinasanduka womasulira. A Kopolo anavomera, anapukuta mapazi, anavala jekete lakale lokhala ndi mendulo imodzi. Nditafunsa za mamendulo ena anati anadya, kutanthauza kuti anagulitsa kwa azungu okaona nyama. Anaima njo ngati ali pa perete. Kenako anafunsa kuti chithunzicho chidzakhala pati. Mayi wa chithunzi uja anawayankha kuti m'chipinda momwemo, pamwamba pa pamene pali bedipo.

“Ndiye kuti chithunzi changa chizidzagona muno,” anatero a Kopolo. “Nanga mwini chithunzi azidzagona kuti?”

Zaka zanga m'mabungwe sizinapite pachabe. Ndinauza alendo kuti a Kopolo akuthokoza kwambiri chifukwa cha chidwi chimene aonetsa pa mbiri ya dera lino.

Ndinaiwala kuti munthu amene analamulidwa ndi azungu kunkhondo Chingelezi amachimva. Anandiyang'ana ngati ndaponda m'mbale yawo. Anabwereza funso lija m'Chiswahili, mokweza kuti a pakhonde onse amve, kenako m'Chingelezi cha pa perete. Aliyense wa ife anapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato yake.

Nkhomaliro inali ku hotela ina m'tauni, ndipo ine sindinachititse manyazi ofesi yathu. Koma Mayi Wanjiru ankangotembenuza mpunga ndi foloko. Anandiuza kuti za okhala m'nyumbamo akuzidziwa, ndipo zimawasowetsa tulo. Vuto ndi lakuti othandiza pa nyumba zakale amathandiza khoma, denga ndi zitseko. Ukangotchula kuti mukukhala anthu, amati zimenezo n'za ofesi ina.

Ndinameza nyama mwakachetechete, chifukwa ofesi inayo ndi yathu. Ife ndi amene timaona za anthu osowa pogona. Ndipo munthu akabwera kwa ife n'kutchula denga lodontha, timamuuza mwaulemu kuti zomangamanga si gawo lathu. Gawo lathu ndi kuphunzitsa anthu za ufulu wawo wokhala ndi pogona. Timawaphunzitsira ku malo ena okongola ku Lang'ata, kumene ophunzitsafe timagona m'zipinda za madzi otentha.

Mwaona mmene tinagawanirana ntchito? Awa akonda nyumba yopanda anthu, ife takonda anthu opanda nyumba. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, koma sanaoneko makomiti. Mitu ikachuluka chonchi, uliwonse umayang'ana unzake, denga lili pansi.

Ndipo tisaloze chala a ku Kenya okha. Kwathu nyumba za kwa DC zakale, masitolo akale a amwenye, nyumba za m'masiteshoni a sitima, zili bwanji? Zina mukugona mileme. Zina tinazitseka ndi loko wamkulu kuti anthu asaziwononge, chiswe n'kumathokoza kuti tachichotsera osokoneza. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti nyumba yosagonamo munthu sichedwa kugwa. Utsi umathamangitsa tizilombo kudenga, wokhalamo amaona pamene payamba kudontha. Chimene chaimika nyumba ya ku Eastleigh ija zaka zonsezi si chikondi cha okonda zakale. Ndi azimayi aja a matewera, amene amatchera mabeseni mvula ikamagwa ndi kumata ming'alu ndi simenti yopemphetsa.

Nanga asilikali akale timawatani? Kamodzi pachaka timawafuna. Timawasambitsa, kuwaveka mamendulo, kuwakhazika pamipando ya kutsogolo dzuwa likuswa mtengo. Lipenga lilira, akuluakulu aika nkhata za maluwa pa chipilala, nkhalamba zipatsidwa bulangete ndi sopo. Madzulo chipilala chitsala ndi maluwa komanso mlonda. Nkhalamba zija palibe wofunsa kuti bulangetelo zikafundira pati. Timakonda msilikali wa mwala chifukwa satsokomola usiku, sapempha fodya, ndiponso satukwana alendo.

Wina anena kuti anthu osauka amawononga nyumba. Sindikana. Ndinaona ndi maso anga denga la chipinda china lakuda ndi utsi wa makala. Pa masitepe pakusowa matabwa angapo osemedwa bwino, ndipo atandiona ndikuyang'anapo, a Kopolo anati mwezi wa Julaye kuno kumazizira kwambiri. Sindinafunse zambiri. Koma munthu amene sakudziwa ngati mwezi wamawa adzakhala ali momwemo, angasamalire bwanji masitepe? Muuzeni kuti chipinda n'chake mpaka imfa, mumukonzere pophikira, muone ngati adzasonkhezerenso mbiri ya dziko.

Maganizo anga ndi a munthu wokonza tiyi, ndiye muwatenge choncho. Konzani denga. Konzani zimbudzi, chifukwa mbiri imene ili kumeneko siyofunika kusungidwa. Mabanja akhale momwemo pa lendi imene angakwanitse. Asilikali atatu aja muwatsitsire pansi, mawondo awo apume. Chipinda chimodzi, chimodzi chokha, muikemo zithunzi zanu. Alendo akafuna kumva za nkhondo, akagogode kwa a Kopolo. Adzamva za kambuku, mwina pofika nthawiyo adzakhala mkango.

Lachisanu ndinabwererako ndekha. Mayi a kunyumba atamva nkhaniyi anatsegula thumba limene amabisa ngakhale kwa ine, n'kutapamo usipa umene unabwera ndi mlendo wochokera kumudzi. Anati ndikapereke ndi manja awiri, ndipo ndisakatsegule panjira.

M'mawa wa tsikulo Mayi Wanjiru anali atandiimbira foni. Anati anakaonekera kwa akuluakulu a mpingo uja ndi pulani yatsopano, yoti nyumba ikonzedwe anthu ali momwemo. Akuti alendo ena aja nkhope zinagwa atamva kuti khofi sadzakhalapo, koma mmodzi anati aganizira. Akuluakulu a mpingo anamvetsera, anayamikira, anapemphera, ndipo anasankha kakomiti kakang'ono koti kaunike nkhaniyi mofatsa. Kadzakumana wapampando wake akabwera ku ulendo.

Nditafika ndinapeza a Kopolo ali panja, atavala jekete lija. Analandira usipa n'kuununkhiza. Kenako anati ndi wowuma kwambiri, wa masiku ano sufanana ndi wakale, koma anaulowetsa m'thumba la mkati n'kumanga batani. Ndinawafunsa ngati sangakonde kubwerera ku Zomba, poti Amalawi tili kuno tikhoza kusonkherana.

“Ndikafikire kwa yani?” anatero. “Ondidziwa onse ali kumanda. Kuno bola ana amandiopa.”

Tili mkati mocheza panafika anyamata awiri ovala zipewa zolimba, atanyamula tepi yoyezera. Anali otumidwa ndi wamalonda uja. Sanapemphere, sanasankhe komiti. Anangoyamba kuyeza kuchokera pa ngodya ya nyumba kukafika kumsewu. Tepi itavuta ndi mphepo, mmodzi anapempha a Kopolo kuti awagwirire mbali inayo, n'kuwalonjeza ndudu.

A Kopolo anadzuka, mawondo akulira, n'kukagwira tepi ija pakhoma, ataima mowongoka bwino. Ndinawafunsa ngati akudziwa chimene anyamatawo akuyezera. Anati akudziwa, sanabadwe dzulo. Anati awa bola, chifukwa akamakutulutsa amakuuza kuti tuluka, sayamba akujambula.

Ndinawasiya ali chigwirire tepiyo, mitambo ya mvula ikusonkhana cha ku Ngong. Tsono ndikufunseni, inu a m'makomiti, a m'mipingo ndi anzanga a m'mabungwe: wapampando uja akadzabwera ku ulendo wake, kakomiti kanu kadzakumana kuti kakambirane za nyumba iti?