Mawu Amene Anatsala mu Foni

Tsiku limenelo kunacha ndi mphepo yozizira yochokera ku mapiri a ku Ntchisi, ndipo nkhungu inachedwa kuchoka. Malata a khitchini ankalira, lole yonyamula mabelo a fodya inkabuula pachitunda cha ku Dzoole. Ndinavala jekete la kutchalitchi n'kupalasa njinga kupita ku chipatala chathu chaching'ono, mtima uli m'mwamba. Ndinali nditamva kuti ophunzira unamwino abweranso.

Chaka chapitacho, mayi a kunyumba kwanga akudwala khansa ya khomo la chiberekero, kunabwera atsikana awiri ovala yunifolomu. Anati masiku ano saphunzirira m'mawodi mokha, amatumizidwanso kumidzi kukachita kafukufuku, kuti akamve kwa odwala eni ake mmene akusamalidwira pakhomo. Mmodzi anawerenga pepala la chilolezo, mayi anadinda chala, ine ndinasaina ngati mboni. Kenako anaika foni pampando n'kuyamba kujambula mawu.

Mayi analankhula nthawi yaitali. Anadandaula za mankhwala oletsa ululu amene ankatha msanga. Anandinenanso ine.

"Abambo awa amanditembenuza ngati belo la fodya," anatero, atsikanawo n'kufa nako kuseka. Pomaliza anawaimbira ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, mawu akunjenjemera.

Mayi anatisiya mvula isanayambe. Chithunzi chawo ndili nacho, cha pachitupa. Koma patapita miyezi ndinazindikira kuti ndayamba kuiwala mmene ankandiitanira ndikakhala kudimba. Ndinkayesa kukumbukira, koma m'makutu munkabwera mawu a mlongo wanga kapena a mayi wina wa pamsika. Zinandichititsa mantha kuposa tsiku la maliro. Ndinagulitsa mtedza, ndinapita ku Mponela kukagula foni yotha kusunga mawu, n'kumadikira.

Pachipatala ndinakhala pabenchi pakati pa amayi a sikelo. Ndinkadzifunsa kuti nanga akakhala kuti abwera ena? Nanga foni yawo ija ikakhala kuti inabedwa? Kenako ndinamuona, wamtali uja amene anawerenga pepala.

"Bambo aja! Mayi ali bwanji?"

Ndinamuuza. Anagwira pakamwa, n'kugwada pambali pa benchi.

"Mwana wanga, sindinabwere kudzakuliza," ndinatero, ndikutulutsa foni m'thumba. "Undiikireko mawu aja umu."

Sanailandire. Anapita kukaitana aphunzitsi awo, mayi a imvi, amene anandilowetsa m'kachipinda.

"Bambo, mawu aja kulibe," anatero. "Lamulo la kafukufuku limati tikamaliza kuwalemba papepala tiwafufute, kuti wina asadzazindikire wodwala n'kumufalitsa. Zinalembedwa m'pepala limene munasaina."

"Pepala linati mudzafufuza."

"Linati tidzafufuta, bambo," anatero mtsikana uja, maso ali pansi. "Ndinawerenga ndine. Ndinathamanga, tinali ndi makomo ena otidikira. Sindinakufunseni ngati mwamva."

Kufufuza, kufufuta. Chilembo chimodzi. Popeza anabwera ndi nkhani ya kafukufuku, khutu langa linamva zimene linkayembekezera. Ndikanamva bwino, bwenzi nditapempha tsiku lomwelo, mayi ali moyo, ndipo iwo akanavomera.

"Mwina penapake anatsalira?" ndinafunsa. "Pakompyuta? Kwa mnzako uja?"

Mtsikanayo anaimbira mnzake pomwepo. Ndinayang'ana milomo yake mpaka anadula foni. Anapukusa mutu.

Aphunzitsi anatsegula kompyuta n'kupeza zimene zinalembedwa. Dzina panalibe, panali nambala. Anandiwerengera pang'onopang'ono. Anali mawu a mayi ndithu, koma otuluka pakamwa pa munthu wina. Pofika pa nyimbo, panangolembedwa kuti wodwala anaimba.

Ndinabweza foni yanga m'thumba. Lamulo lija linali lotchinjiriza mayi omwewo. Zina zimene ananena tsiku lija, za matenda a m'thupi la mkazi, sindikanafuna kuti zimveke pachigayo. Ana aja anasunga pangano limene ine sindinalimve. Aphunzitsi anati akawauza ophunzira onse kuti aziwerenga mofatsa ndi kufunsa kawiri. Kaya anatero, sindikudziwa.

Mtsikana uja anandiperekeza mpaka pamene ndinaimika njinga, akulira mosatulutsa mawu. Ndinamuuza kuti abwerere, odwala akumudikira. Mmene mayi ankandiitanira sindinakumbukirebe mpaka lero. Koma iye, mnzake ndi aphunzitsi awo, ndinawakhululukira.